Mwana Salemera

Amayi amene anapitako ndi ana kusikelo ya Sisita Fyness Kaliati amawadziwira zinthu ziwiri. Choyamba, mwana asanakwere pasikelo amayamba amuvula sokosi n'kumudina phazi ndi chala, ngakhale mwanayo akhale wonenepa ngati wa mwini golosale. Chachiwiri, muvi wa sikelo ukaima, iwo pakamwa amatseka; amangolemba n'kuitana wotsatira. Ena amati ndi matama a anthu ophunzira. Matama a chiyani? Anthu inu mumafulumira kuweruza. Mayi ameneyu anali wolongolola kuposa wailesi, ndipo chimene chinamutseka pakamwa chinachitikira kuno ku Phalombe, chaka cha njala chija cha 2002.

Nthawi imeneyo n'kuti Fyness ali kale namwino wokwana, wa mapepala ake, atatha zaka zingapo ku fiyeta ya chipatala china chachikulu mu Blantyre. Kufiyeta wodwala amakupeza ali pamachira, atasambitsidwa, atagonekedwa tulo. Safunsa funso, sakwiya, ndipo achibale ake amatsala panja. Ndiye atasankhidwa kuti akawonjezere maphunziro, akhale namwino woona za umoyo wa anthu m'midzi, uja sadikira matenda pakhomo la chipatala koma amakawachingamira kumene akuchokera, Fyness anangoti basi, tchuthi chafika. Munthu woti wagwirapo matumbo a munthu wamoyo angavutike ndi kupima makanda?

Mphunzitsi wawo, a Mayi Makina, anali mayi wamfupi wosaseka chisawawa. Tsiku lililonse ankabwereza mawu amodzimodzi, mpaka ophunzira ankawayeseza kumbali pa nthawi ya tiyi.

"Kuwodi mumasamala amene abwera. Kumudzi muzifunsa kuti amene sanabwere ndani. Ndipo mwana musamamuone ndi maso okha ayi, muzimugwira."

Fyness ankavomera nawo kuti eya, mtima uli kwina.

Itakwana nthawi yoti ophunzira akayesere kumudzi zimene aphunzira m'kalasi, iye anamutumiza kwa Mkhumba, m'munsi mwa phiri la Michesi. Unali mwezi wa Febuluwale, chimanga chitangomasula m'minda koma nkhokwe zili pululu. Anthu ankadya gaga, mitsitsi ya nthochi, ndi kalongonda wophika mothamanga, woti ukadya mutu uzingozungulira. Amuna ambiri anali atawolokera ku Mozambique kukasaka ganyu wolipidwa chinangwa. M'midzi munatsala amayi, ana, ndi agalu osauwa.

Ndiye panali phirilo. Mlendo amaliona kukongola, koma eni ake amaliyang'ana cham'mbali, makamaka mitambo ikakhala pamwamba pake. Mu 1991 napolo anatsika m'phirimo kutacha kale, ndi madzi, matope, mitengo ndi miyala yaikulu ngati nyumba, nakokolola midzi. Anthu ambiri sanapezeke mpaka lero. Kuseri kwa mudzi umene Fyness ankagwirako ntchito kunali dera la miyala yokhayokha, limene anthu ankangolitchula kuti Pamiyala. Pansi pake panali nyumba, ziweto, ndi anthu amene sanaikidwe ndi munthu. Pamenepo sankalimapo, sankatolapo nkhuni, ndipo mbuzi ikathawirako mwini wake ankaidikirira m'mphepete mpaka ibwere yokha.

Sikelo ankaikoloweka panthambi ya mango pafupi ndi tchalitchi. Wothandiza Fyness anali a Eveles, mayi wachikulire wodzipereka wa m'mudzi momwemo, amene ankayambitsa nyimbo, kufoletsa amayi, ndi kulowetsa ana m'kakabudula kopimira kaja. Tsiku limenelo kunali kamvula kowaza, ndipo ntchito inali yowawitsa mtima. Mwana aliyense akakwera, muvi unkaima kumbuyo kwa pamene unaima mwezi watha. Timiyendo toonda, timaso tolowa, timimba totuluka. Fyness ankaphunzitsa za magulu a zakudya, za mazira ndi nsinjiro, amayi n'kumangomuyang'ana mwaulemu, monga mmene umamuyang'anira munthu amene akukufotokozera maloto ake. Pofika masana iye mwini anali ndi njala ya nkhani imodzi yokha yabwino.

Kumapeto kwenikweni kwa mzere kunabwera mtsikana woonda wa maso akuluakulu, dzina lake Aliness. Mwana wake, Lekani, wa zaka ngati ziwiri, anali atamuveka juzi, chipewa choluka, ndi sokosi zofiira zofika m'mawondo.

"Muvuleni," anatero Fyness.

"Pepani Asisita, mphepo," anayankha Aliness motsitsa mawu, ndi kalankhulidwe kokoka ka Chilomwe. "Akangomva mphepo amatsokomola."

Fyness anali atatopa, mvula ikukula, ndiye anangoti, "Chabwino, akwere choncho." Mwanayo sanalire. Ana onse amalira pasikelo, amapalasa miyendo, ena amakodzera kabudula wa eni, koma uyu anangolendewera phee, akuyang'ana pansi. Muvi unayenda, unadutsa pamene unaima mwezi watha, n'kupitirirabe.

Abale inu, chimwemwe chimapusitsa. Fyness anamutulutsa yekha mwanayo, namukweza m'mwamba kuti onse aone masaya ake onyezimirawo.

"Amayi, taonani kuno! Njala yomweyi, mnzanuyu akutha bwanji? Mwana uyu ndiye walemera! Iii, kulemera ngati thumba la simenti, manja anga achita kuwawa!"

Nyimbo inadukira pakati. Amayi amene ankamanga ana kumbuyo analeka, manja ali m'malere. Wina analavulira pambali. Kunangomveka madontho a mvula pamasamba a mango, ndi sikelo ikulira kwii, kwii, ilibe kanthu. Aliness anayandikira, nalanda mwana wake m'manja mwa Fyness, namubereka, n'kumapita. Kathumba ka ufa wa likuni kamene anayenera kulandira anakasiya pabenchi pomwepo, chaka cha njala.

Anthu atabalalika, a Eveles anamasula sikelo, nayamba kuipukuta ndi chitenje. Anaipukuta nthawi yaitali kuposa mmene inanyowera.

"Asisita, kwanu n'kuti?"

"Ku Ndirande. Bwanji, ndalakwa chiyani? Inetu ndimamuyamikira."

"Kuno mwana salemera, mwana wanga. Timati wakula, timati ali ndi thupi. Cholemera ndi maliro. Ukanena choncho pa mwana wamoyo ndiye kuti wamuika kale m'manja mwa adzukulu."

Fyness anaseka, kuseka kwa manyazi. "Aaa, a Eveles, zimenezo n'zachikale."

"Kaya," anatero a Eveles. "Koma mtsikana uja amayi ake, abambo ake ndi alongo ake onse ali Pamiyala apo. Anatsala yekha. Ana ake awiri oyamba anaika. Uyu anamutcha Lekani kuti a pansiwo amve, amuleke. Ndiye mwezi uno wakhala akundiuza kuti akamubereka amamva ngati wina akumukokera pansi, ine n'kumamukalipira kuti asamatchule. Lero mlendo wovala zoyera watchula pagulu."

Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo umakutsata. Koma Fyness anakwera njinga yake akudziuza kuti mwezi wamawa adzapepesa, nkhani idzathera pomwepo. Ndi iko komwe, mwa ana onse a tsikulo, ameneyo yekha ndiye sanali wodetsa nkhawa.

Masiku otsatira anayenda khomo ndi khomo monga ankafunira maphunziro ake, akuona zimbudzi, zitsime ndi mathandala a mbale. Anthu ankamulonjera bwino, mpando n'kumupatsa. Kungoti akamalowa pakhomo, mayi aliyense ankakokera chitenje pamutu pa mwana wake, kapena kumupatsira mnzake kuti apite naye kuseri. Fyness zinamupweteka, koma anazinyalanyaza. Wophunzira aliyense ankayenera kusankha banja limodzi loti azilitsata n'kudzalifotokoza a Mayi Makina akabwera kudzayendera, ndipo iye anali atasankha kale mumtima. Adzatenga banja la Aliness, banja lachitsanzo, mayi wosauka amene mwana wake akukwera sikelo anzake onse akutsika. Anali atayamba kale kukonza mmene adzayambire kulankhula.

Loweruka m'mawa ali pamsika wa pa Migowi anatola peyala, nalidina ndi chala kuti aone ngati lapsa. Chala chinalowa. Atachichotsa, kadzenje kanatsala pomwepo, osabwerera. Anaima n'kukayang'anitsitsa kadzenjeko.

Anali atakaonapo kadzenje kotere. Pomukweza m'mwamba Lekani, chala chake chachikulu chinagwira pamwendo, pamwamba pa sokosi, ndipo mayi ake pomulanda, pamwendopo panatsala chidindo cha chalacho. Maso anaona, koma mutu unali utatanganidwa ndi kuyamikira. Tsopano zonse zinabwera pamodzi, masaya onyezimira aja, katsitsi kofiirira kosuzumira pansi pa chipewa, mwana wosalira. Sanali mafuta amene anakankha muvi uja. Anali madzi. Mwanayo anali atatupikana ndi njala, matenda oti mwana amafunika kuchipatala tsiku lomwelo, akafunditsidwe, akamwetsedwe mkaka wake wapadera pang'onopang'ono, apo ayi amazima ngati koloboyi watha mafuta. Ndipo iye, namwino wa mapepala, anamunyamula m'manja, namuonetsa kugulu, n'kumuthamangitsa ndi pakamwa.

Wogulitsa mapeyala anatsala akukuwa kuti chipatso cha eni safinya n'kuchisiya. Fyness n'kuti atakwera kale njinga.

Nyumba ya Aliness anaipeza chitseko chili chomanga ndi luzi, pamafuwa phulusa litanyowa ndi mvula ya masiku. A Eveles anatulukira m'munda mwawo khasu lili paphewa.

"Mwamuna wake, Wilson, anapita ku Mozambique Khirisimasi isanafike, mpaka pano zii. Ndiye Aliness chichokereni kusikelo kuja, kukacha amapita Pamiyala ndi mwana, pamene panali nyumba ya amayi ake. Akuti akukawapepesa. Ndamuletsa, ndalephera."

"Mwana uja watupa, a Eveles. Akudwala kwambiri. Inu simunaone?"

"Ndikanaona bwanji, sokosi mpaka m'mawondo? Mwana akatupa kuno anthu amati ndi tsempho, bambo wake wayenda zosayenera kumene aliko. Mayi wanji angafune pakhomo pake pakhale nkhani ya kuchitsime? Amabisa."

"Ndiperekezeni, chonde."

A Eveles anamuperekeza mpaka pamphambano, pamene njira ya kumudzi imakumana ndi njira yopita kumsewu wa kuchipatala. Kupitirira pamenepo kunalibenso njira, kunali miyala. Anaima, nagwira njinga ya Fyness.

"Ine ndithera pano. Mlamu wanga ali momwemo, sindingamuponde pamutu. Mulunjike mwala wautali uwo. Mukamva wina akuitana, musayankhe. Ndipo m'menemo satembenuka."

Dzuwa linali paliwombo, likuwotcha monga limachitira mvula ikamakonzeka. Fyness anakwera mwala woyamba, kachikwama kali paphewa, ndipo atangotsikira kuseri kwake phokoso lonse la mudzi linazima. Kunalibe mbalame. Kunalibe ngakhale ntchentche. Chimene chinkamveka ndi madzi okha, oyenda pansi pa miyala osaoneka, ndipo kamvekedwe kake kanali ka anthu amene akucheza m'chipinda china, mawu ukuwamva koma nkhani osaitola. Anadziuza kuti ndi madzi basi. Patsogolo pang'ono anadziuzanso.

Apa panali lata lopindika, litatuluka theka mumchenga. Apo mtondo utamira mpaka m'khosi, m'kamwa mwake muli madzi obiriwira. Koma chimene chinamuumitsa malovu ndi maungu. Mnkhwani unali utayanga pamiyala ponseponse, masamba ali biriwiri, maungu akuluakulu ngati mitu ya anthu ali mbwee, ena atakhwima mpaka kung'aluka okha. Kamtunda kochepa kuchokera apo anthu ankakumba mitsitsi ya nthochi kuti adye, koma maungu amenewa panalibe anawakhudza. Fyness anadutsa akusamala kuti asaponde tsamba.

Kumbuyo kwake wina anati, "Asisita."

Anali mawu achizimayi, apansipansi, aulemu. Fyness anatsegula pakamwa kuti avomere, monga amachitira namwino aliyense akaitanidwa, koma anadzigwira. Sanatembenuke. Kutsogolo kwake, patali ndithu, patsinde pa mwala wautali uja, anaona duku la Aliness.

Anamupeza atakhala pansi, miyendo atatambasula, pafupi ndi kamulu ka gaga kamene anathira patsinde pa mwalawo. Ameneyo anali gaga womaliza wa m'nyumba. Lekani anali atamugoneka pachitenje. Mtsikanayo sanadabwe kumuona Fyness.

"Mwabwera kudzaona ntchito yanu?"

Fyness anagwada pamchenga wonyowa. "Ndabwera kudzapepesa, mayi. Ndiloleni ndimugwire."

Anamuvula sokosi imodzi. Phazi linali lotupa, lozizira, khungu likusupuka. Anadina, kadzenje kanatsala. Mwanayo anatsegula maso pang'ono, namuyang'ana mosadandaula, kuyang'ana kwa nkhalamba. Fyness anasungunula shuga m'chivindikiro cha botolo lake la madzi, namudonthezera pakamwa. Madontho ena analowa, ena anatsikira m'khosi mwa juzi.

"Mverani, mayi. Palibe amene akumukoka. Awa ndi matenda a njala. Thupi lake ladzaza madzi, n'chifukwa chake..." Anadziluma lilime. "N'chifukwa chake watupa. Kuchipatala kuli mkaka wake. Tikanyamuka pompano tikhoza kumupulumutsa."

"Madzi," anatero Aliness, akugwedeza mutu monga munthu amene wamva zimene ankazidziwa kale. "Nanga amayi anatengedwa ndi chiyani? Ine anandituma kuchigayo m'mawa umenewo. Pobwera ndinapeza mwala uwu uli pamene panali khonde lathu. Anapita onse, ine anandisiya, ndiye nyumba yawo sinakwane. Anatenga woyamba, anatenga wachiwiri. Pano madzi omwewo alowa mwa uyu, akumutsitsa."

"Tiyeni tikayese, chonde."

"Sindingathe kumunyamula. Lero pobwera ndagwa naye. Ndikamubereka miyendo imalowa pansi."

Fyness anayang'ana mikono ya mtsikanayo, ndipo anadziwa kuti munthu ameneyu mwina sanaike kanthu m'kamwa chichokereni kusikelo. Koma Aliness anali asanamalize.

"Munanena ndinu, ndipo anamva. Bwezani mawu anu. Muwauze nokha, mukatero mumunyamule inuyo."

Ha! Fyness Kaliati, wa kwaya ya Chingerezi kutchalitchi kwawo, wophunzira wa a Mayi Makina, kulankhula ndi mwala dzuwa likuswa mtengo! Akanamuuza munthu sabata yapitayo, akanaseka mpaka misozi. Koma anayang'ana kadzenje kaja, kadakali paphazi, ndipo anaimirira.

"Inu amene muli pano," anatero, "ine ndine mlendo, ndinalankhula mosadziwa. Mwanayu salemera. Ndinanama. Mulekeni apite."

Madzi a pansi aja anakhala chete. Mwina ndi mphepo inasintha, mwina ndi makutu ake, ine sindinaliko. Koma mwini wake mpaka lero amati anasiya, monga amasiyira anthu kucheza mlendo akalowa.

Aliness anamuthandiza kubereka mwanayo, namanga yekha mfundo pachifuwa pa Fyness. Ndipo zoonadi, Lekani anali wopepuka. Fyness anadabwa kuti tsiku lija manja anamuwawa ndi chiyani. Kampweya kofunda kankamugunda pakhosi, kamutu katatsamira pakati pa mapewa, tizala titagwira kolala ya diresi. Mtima wake unadzaza chiyembekezo. Kumsewu sikutali, galimoto ya matola ipezeka, dzuwa lisanalowe mwanayu akhala ali muwodi, atafunda bulangeti.

"Ine nditsogole," anatero Aliness. "Musatembenuke."

Anauyamba ulendo. Kuphiri kunagunda, kugunda kwa pansipansi kosadziwika ngati ndi bingu kapena mwala, ndipo mtambo wakuda unatsika mpaka pakati pa Michesi. Fyness ankamulankhula mwanayo za galimoto imene akwere, za mkaka wotsekemera, za mpira umene adzamugulire akachira. Atafika pa maungu paja anamva mfundo ikuyamba kumuluma pachifuwa. Anati ndi kutopa. Anamukankhira m'mwamba ndi dzanja monga amachitira amayi, koma mwanayo anatsetserekanso. Podutsa pa mtondo uja tizala tija tinasiya kolala. Madzi a pansi anayambiranso nkhani zawo, ndipo ulendo uno ankamveka ngati akuyenda nawo limodzi.

Zaka za kufiyeta zinamuphunzitsa Fyness chinthu chimodzi chimene sichili m'buku. Munthu wogona, ngakhale tulo ta mankhwala, ukamunyamula amakuthandiza osadziwa, thupi limadzigwira lokha penapake. Koma pali kulemera kwina kumene kumabwera thupi likasiya kudzigwira. Kumeneko Fyness ankakudziwa ndi mikono yake, ndipo tsopano kunali pamsana pake. Pakhosi paja, pamene pankagunda kampweya, panali pozizira.

Anagwada kuseri kwa mwala, namasula nsalu msangamsanga. Anagwira pakhosi pa mwanayo, nakweza juzi, naika khutu pachifuwa. Anamuuzira mpweya m'kamwa, nadina kachifuwako, nauziranso, nadinanso, thukuta ndi misozi zikugwera pamodzi. Anachita zonse zimene anaphunzira, nazibwereza mpaka mikono inakana. Chifuwa cha Lekani chinangosunga zidindo za zala zake.

Kutsogolo Aliness anali ataima chilili, nkhope ikuyang'anabe kumudzi.

"Asisita, bwanji?"

"Nsalu yamasuka. Ndikumanga."

Kwathu kuno mwana akatsirizikira panjira salirira pomwepo. Amamubereka bwinobwino ngati wagona, n'kuyenda naye mwakachetechete mpaka pakhomo, maliro amakayambira kunyumba. Chimenechi chokha Fyness ankachidziwa, pakuti ngakhale m'maminibasi a ku Ndirande amayi amatero. Anamuberekanso Lekani, namanga mfundo. Poimirira anachita kugwira mwala. Mantha anali atamuthera. Chinatsala ndi chisoni, ndi manyazi oti akanatha kulowa nawo pansi pa miyala yomweyo.

Pamphambano a Eveles anali chiimire ndi njinga. Anayang'ana mmene Fyness ankayendera, atawerama, phazi lililonse akuchita kulizula pansi, ndipo anaigoneka njingayo paudzu. Madontho oyamba a mvula anayamba kugwa. Apo ndi pamene Aliness anatembenuka. Sanayang'ane mwana. Anayang'ana Fyness m'maso.

"Asisita, akulemera?"

Nsalu inali ikumudula pachifuwa moti kupuma kunali kovuta.

"Ayi, mayi," anatero Fyness. "Salemera."

Aliness anagwedeza mutu ngati akuthokoza. Anapisa dzanja m'chitenje, natulutsa sokosi yofiira ija, imene Fyness anaiiwala patsinde pa mwala. Anazungulira kumbuyo, naiveka bwinobwino paphazi la mwana wake, naikokera mpaka m'bondo. Kenako anakweza nsalu n'kuphimba kamutu kuti mvula isamunyowetse. Atatero anatsogola, nalowa njira ya kumudzi.

Fyness anamutsatira.